Njira Yotsekedwa ndi Udzu

Mzungu wina adafika ku Bembeke mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Sadali wansembe, sadali wa boma, malonda adalibenso. Ankangoyendayenda kuona dziko la eni ake ndi kujambula mapiri ndi makala, choncho anthu adamutcha Bwana Makala. Ankafuna kukafika ku Linthipe, koma msewu wa boma adaukana. Iye ankafuna njira ya m'mapiri.

Onyamula katundu ndi machila adapezeka msanga. Kapitawo wawo adali Petulo, amene adali atangobatizidwa pa Pasaka, ndipo kolona sankamuvula ngakhale posamba. Koma wodziwa njirayo padalibe, kupatula Marita, mayi wamasiye wobadwira tsidya lomwelo. Mwana wake adali mmodzi yekha, Kalisto, ndipo Petulo adali atamulemba kale pa machila.

"Ndipita," adatero Marita. "Osati chifukwa cha nkhope yanu, Bwana. Mwanditengera mwana, ndiye ndikufuna ndibwere naye ndekha."

Chinyanja cha Bwana Makala chidali chothyokathyoka, koma kumva ankamva. Marita adamuimika pabwalo asadakwere m'machila.

"Tcherani khutu, sindibwereza. Kuno si kwanu. Patsogolo ndine. Tikakumana ndi maliro, mutsike, mupatuke, chipewa m'manja. Mayi wosenza nkhuni sapatukira munthu wogona m'nsalu, opatuka ndinu. Pamudzi pa eni sitilowa ngati mbuzi, timaima kunja n'kuodira. Manda osaloza chala. Ndikati imani, muime, mafunso pambuyo."

"Ndikakana?" adafunsa mzunguyo akumwetulira.

"Mukafunse njira kwa afisi."

Petulo adalavula pansi. "Ulendo wotsogozedwa ndi mkazi umathera kumtondo."

"Tsogolani inu, a Petulo, mukatifikitse kwa apongozi anu."

Anthu adaseka, koma Petulo sadaseke nawo.

Adanyamuka. Njira idakwera m'misuku, idatsika m'makwawa, idakweranso. Timitsinje tonse tidali mchenga wokhawokha. Pamudzi woyamba adaodira mpaka kukhosi kuuma. Eni mudzi ataona mitanda m'makosi mwa onyamula katundu, adabweza ana m'nyumba, pakuti nyengo imeneyo anthu a kutchalitchi ndi a kudambwe sankamwerana madzi. Mkulu wina adawalozera chitsime chouma n'kuwafulatira. Marita adachita kukumba m'khwawa ndi chikhatho kuti apeze timadzi tamatope todzaza zikho ziwiri.

M'mawa mwake adafika pamphambano. Njira ya kumanja inkalowa m'chigwa cha tsekera pakati pa zitunda ziwiri. Pakamwa pake padagonekedwa nthambi ya minga, ndipo panthambipo padali mtolo waung'ono wa udzu, womanga mfundo, wowauka kunsonga.

"Imani," adatero Marita. "Eni ake atseka. Lero akutentha chigwa ichi, kuli uzimba. Tizungulira kudambo."

"Kudambo n'kutali, madzi tilibe," adatero Petulo. "Utsi wake uli kuti?"

"Moto wa uzimba sayatsa m'mawa. Amadikira mphepo ya masana."

"Bodza! Awa ndi a gule omwe adatimana madzi aja. Akufuna tizizungulira ngati agalu, iwo akutiseka pachitunda."

Bwana Makala adasuzumira m'machila. "Mayi anena imani. Ine ndaima."

Koma wonyamulidwa alibe miyendo. Petulo adachita chizindikiro cha mtanda, adakankha nthambi ija ndi phazi, n'kulowa. Onyamula katundu adamutsatira. Marita adagwira mtengo wa machila pomwe padali phewa la mwana wake.

"Kalisto, tula."

"Amayi, ife ndife akhristu. Tiziopa udzu?"

"Udzu suluma, chitsiru iwe. Umayaka."

Kalisto adayang'ana kumbali. Mnzake wa kutsogolo adakoka, machila adayenda. Marita adatukwana onse, amoyo ndi makolo awo omwe, kenaka adamanga nsalu yake zolimba n'kuwalondola.

Tsekera adali wamtali kupitirira mutu, wouma gwa. Dzuwa litafika paliwombo, mphepo idadzuka. Marita adakweza maso naona akabawi atadzaza kumwamba, akuzungulira. Gwape adadutsa pakati pa miyendo ya anthu osawaopa n'komwe. Kenaka lipenga lidalira kuchitunda cha kumanja, lina lidayankha kumanzere, agalu adayamba kuuwa, ndipo kumbuyo kwawo kudamveka kuthetheka ngati mvula ya matalala.

Katundu adagwa pansi. Anthu adabalalika.

"Kutsogolo kulibe moto!" adakuwa Petulo. "Nditsateni!"

"Kumeneko ndi kumene akudikira nyama ndi mikondo!" adakuwa Marita. "Kuthanthwe uko! Kwerani mwala!"

Petulo sadacheuke. Utsi udamumeza.

Wa kutsogolo kwa machila adali atathawa kale. Kalisto yekha adali chigwirire mtengo wake, akukoka machila pansi, mzungu atakodwa m'nsalu ngati nsomba. Marita adagwira m'mphepete mwa nsaluyo n'kumukhuthulira pansi.

"Dzukani! Amayi anu adakubalani ndi miyendo!"

Adathamanga atatuwo, maso akulira ndi utsi. Thanthwe lidali pafupi pamene udzu udang'ambika n'kutuluka nguluwe yaimuna, msana ukufuka. Sidaone munthu, idangoona njira. Idamukumba Kalisto pantchafu ndi dzino n'kumuponyera uko, iyo n'kupitirira.

Marita adamugwira mkono, mzungu adagwira mwendo wabwinowo. Adamukwekweretsa pamwala wotentha ngati chiwaya, mpaka pamwamba pomwe padalibe kaudzu ndi kamodzi komwe. Marita adang'amba nsalu yake, adamanga balalo, n'kumugonera mwana wake pamwamba. Moto udafika m'munsi mwa thanthwe, udabangula, udawanyambita ndi mpweya wake, udapita. Tsitsi la Marita lidanunkha chiwawu. Kalisto adali kupuma.

Phulusa lisadazizire, eni uzimba adatulukira ndi agalu awo. Adali atanyamula munthu. Adamugoneka patsinde pa mwala. Adali Petulo, bala la mkondo pachifuwa.

Mwini uzimba, nkhalamba yamaso ofiira ndi utsi, sadapereke moni.

"Chimene chidatuluka m'udzu chikuthamanga, tidalasa. M'utsi munthu ndi nguluwe n'chimodzi. Tidatseka njira. Ndani adatsekula?"

"Ndi amene mwamugonekayo," adatero Marita.

"Ndiye mlandu wapita naye. Koma uzimba wathu mwauthira magazi a munthu. Nyama yonseyi sitidya."

"Nyama yanu ine ndilibe nayo ntchito. Ndikufuna madzi ndi makasu awiri."

"Mumatitcha akunja inu. Lero madzi a akunja akoma?"

"Ine ndidabadwira kuseri kwa chitunda icho, ndipo mfundo yanu ndidaiwerenga. Musandilalatire. Hema wa mzunguyu sadapse yense, ali m'khwawa umo pamodzi ndi mapoto ake. Tengani. Madzi ndi makasu."

"Ndi nsapato zake."

"Nsapato ayi. Ali ndi ntchito yoyenda."

Nkhalambayo idakodola mnyamata wa chikho.

Mtembo wa Petulo adauika pomwepo, m'nthaka yakuda yofunda. Mwa onse othawa aja adabwerako mmodzi yekha, Benedicto, mapazi ali matuza okhaokha, ndipo ndiye adatsogolera pemphero. Eni uzimba adaimirira patali, osayandikira, osachokanso.

Nsalu ya machila idali itapsa mbali imodzi, koma mtengo udali wamoyo. Adamanga ndi luzi n'kugonekamo Kalisto. Benedicto adasenza kutsogolo. Marita adaloza kumbuyo.

"Bwana, phewa."

"Ku Linthipe?"

"Linthipe mudzamuona chaka china. Kwathu."

Mzunguyo adasenza. Phewa lake lidasupuka asadatuluke m'lupsa, ndipo paliponse pomwe adapunthwa, Kalisto adabuula, Marita n'kukalipa. Adazungulira kudambo, adagona ndi njala, adakweranso m'misuku muja. Mwendo wa Kalisto udatupa, koma sudanunkhe. Marita ankaununkhiza popuma paliponse.

Atatulukira ku Bembeke, ana adathamanga kukauza anthu kuti mzungu wasenza machila. Mudzi wonse udatuluka, ena akuseka. Marita sadaone aliyense wa iwo. Maso ake adali pa Elena, mkazi wa Petulo, amene adabwera akuthamanga, khanda kumsana. Elena adasuzumira m'machila, adaona Kalisto. Adayang'ana Benedicto, adayang'ana mzungu, kenaka njira yopanda munthu kumbuyo kwawo.

"Amake Kalisto, nanga anzanu ena? Atsalira ndi katundu?"

Marita kunyengerera sankakudziwa, ndipo sadayese.

"Masula mwanayo, upatse wina amugwire," adatero. "Ukhale pansi."