Bwino Watsekeredwa M'kabati

Panali mtsikana wina. Anzake ankamutcha Ndilibwino.

Akagwa, ankati, "Ndili bwino."

Akadwala, ankati, "Ndili bwino."

Ngakhale tsiku limene njuchi inamuluma pamphuno, anati, "Ndili bwino."

Koma Ndilibwino sanali bwino. Achemwali ake anapita kusukulu yakutali. Bedi lawo linangokhala lopanda munthu. Ndilibwino ankawasowa kwambiri. Koma sanauze aliyense.

Lolemba, aphunzitsi anabwera ndi mpira wa ulusi wofiira. Ana onse anakhala pansi mozungulira.

Aphunzitsi analemba mawu amodzi papepala: BWINO. Anaika pepalalo m'kabati. Anatseka kabatiyo ndi kiyi.

"Lero Bwino tamutsekera," anatero aphunzitsi. "Wogwira ulusi anene zimene zili mumtima mwake. Ena tonse timvetsere."

Mwana wina, Kafupi, anayamba. "Ndakwiya. Mng'ono wanga wang'amba kope langa."

Anagwira nsonga ya ulusi. Anaponyera mnzake mpirawo.

"Ine ndasangalala. Dzino langa latsopano lamera."

Ulusi unapita uku. Ulusi unapita uko. Pakati pa ana panalukika ukonde.

Kenako mpira unagwera Ndilibwino.

"Ndili... ndili..."

"Bwino ali m'kabati!" anakuwa Kafupi. Ana anaseka.

Ndilibwino anataya ulusi pansi. Ukonde unagwa mbali imodzi.

Aphunzitsi sanakalipe. "Taonani," anatero. "Mmodzi akasiya, ukonde umagwa. Timudikire. Palibe kuseka."

Ana anasiya kuseka. Anadikira. Anadikirabe.

Ndilibwino anatola ulusi uja.

"Ndawasowa achemwali anga," anatero motsitsa mawu.

Palibe anaseka.

"Inenso ndawasowa abambo anga," anatero Kafupi. "Amagwira ntchito kutali."

Ndilibwino anakoka ulusi. Ukonde unadzuka.

Madzulo, Ndilibwino anabwereka ulusi wa amayi. Analemba BWINO papepala. Kabati yakwawo inalibe kiyi. Choncho anavundikira pepalalo ndi kapu.

Anaponyera abambo ulusi. "Abambo, muli bwanji?"

"Ndili bwi..."

"Ayi, abambo! Bwino ali pansi pa kapu."

Abambo anakanda mutu. Anayang'ana kapu. Anayang'ana kudenga.

"Ndatopa," anatero. "Msana ukundipweteka."

Abambo anaponyera amayi ulusi. Amayi anaugwira nthawi yaitali.

"Ndamusowa mwana wanga wamkulu," anatero amayi.

"Inunso, amayi?"

"Inenso, mwanawe. Tsiku lililonse."

"Chabwino," anatero abambo. "Inenso ndamusowa. Za msana ndangowonjezera."

Onse anaseka. Amayi anapukuta msozi ndi chala.

Ulusi unali utatsala. Ndilibwino anaumangirira pafoni ya amayi. Amayi anaimba kusukulu ya achemwali ija.

Foni inalira. Inaliranso.

"Halo!" Anali mawu a achemwali. "Mng'ono wanga, ndakusowatu! Uli bwanji?"

Ndilibwino anayang'ana amayi. Anayang'ana abambo. Onse anali atagwirabe ulusi.

Anavundukula kapu ija. Anatulutsa pepala.

"Tsopano ndili bwino," anatero. "Kaya inu, achemwali?"