Loko Watsopano pa Chipinda cha Kumanzere

Lachiwiri m'mawa, mayi Malita a ku Kaluluma anapeza chigafa chawo chili mbee. Fodya yense amene anasankha ndi kumanga ndindi, wongodikira jeke kuti akhale mabelo, anali atapita. Pofika masana nkhani inali ponseponse pamsika. Uthman anaimva ali chogwada, akumasula tayala la njinga yamoto.

Uthman anali makaniko wochokera ku Mbeya, wofika kumene, ndipo anthu ankangomuti Mtaifa. Nyumba inamusautsa kupeza. Eni nyumba akangomva Chichewa chake chotsimphina, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti chipindacho akusungira mlamu. Choncho atatulukira Success, mnyamata wotsekemera pakamwa, n'kunena kuti pali nyumba ya zipinda ziwiri yoti agawane, Uthman sanafunse zambiri. Success anajambulitsa pasipoti yake, ati eni nyumba, a Zakeyo, amafuna kudziwa mlendo wawo. Uthman anapatsidwa chipinda cha kumanja. Cha kumanzere chinali cha Success, cholendewera loko watsopano.

Koma mnzake wa nyumbayo sankagonamo. Analibemo mphasa, poto, ngakhale sopo. Fodya atabedwa m'pamene anayamba kubwera mbandakucha, nthawi imene Uthman amabwerera kuchokera kumzikiti. Ankalowa ndi ndowa yodzaza madzi, n'kutuluka nayo yopanda kanthu. Uthman atamufunsa, anaseka n'kunena kuti akukolopa.

Munthu n'kumakolopa tsiku ndi tsiku chipinda chimene sagonamo? Lachisanu Uthman anagwada pakhomo paja n'kununkhiza kunsi kwa chitseko. Linali fungo la fodya, lolemera, lokanda pakhosi. Sanapite kuntchito, analunjika kupolisi.

Sajeni Nthanda anamvetsera akutafuna kamtengo ka machesi, osakhulupirira ngakhale liwu limodzi. Anavula yunifolomu, n'kupita yekha kukasuzumira pampata wa zenera. Ndindi zinali mbwee, zosanjidwa pa masaka onyowa. Kenako anadzera kwa a Zakeyo, amene anakanitsitsa kuti Success si wa m'nyumba mwawo. Ati mnyamatayo anangobwera monga woperekeza. Nyumba yonse anabwereketsa kwa Mtaifa, ndipo pepala la pasipoti linalipo.

Sajeni anabwerera nkhope ili gwa.

"Nyumba ndi yako. Fodya ali m'nyumba mwako. Ku Zambia, kumene mumakagulitsa zakubazi, ndi apa. Wati ndimange ndani?"

Uthman anaona zonse zikutha: ndende, kenako kukatayidwa pamalire ndi dzina la mbava, mkazi wake ku Mbeya akudikira kuti amuitane. Anachita mantha enieni. Analumbira, koma kulumbira kwa mlendo n'kotchipa. Chimene anatsala nacho chinali nkhani ya ndowa ija, ndipo anaifotokoza mwachibwibwi, osadziwa n'komwe ngati ili ndi ntchito.

Sajeni analavula kamtengo kaja. Iye anakulira m'zigafa za ku Lisasadzi. Ankadziwa kuti m'nyengo ya mwera fodya akasowa chinyezi amauma gwa, ukamugwira amangoti fumbi, ndipo palibe wogula amene angamuyang'ane kawiri. Wakuba wa kutauni akanangokhoma n'kuthawa. Koma mwana wa mlimi, ngakhale atakhala mbava, manja ake salola tsamba kuthetheka. Ngati Mtaifa ankanena zoona, wandowayo abweranso kudzanyowetsa fodyayo.

Loko sanamuthyole. Loweruka kusanache, Sajeni anakhala pabedi pa Uthman, Uthmanyo ali pansi, maunyolo m'manja.

"Akapanda kubwera, awa sindimasula," anatero Sajeni.

Kunja kunayamba kuyera. Anthu a kumzikiti anadutsa, akukambirana za mitengo ya ku okushoni. Ngolo inadutsa. Uthman anayamba kuganiza kuti mwina a Zakeyo alankhula, mwina Success wamva fungo la polisi ndipo ali kale kutsidya kwa malire.

Kenako chitseko cha panja chinalira. Madzi anakhavukira pasimenti. Kiyi analowa m'loko.

Sajeni anadikira mpaka anamva madzi akuwazidwa pa masaka, ndiyeno anadzuka. Anapeza Success atanjuta, akupapasa ndindi imodzi mwachikondi ngati mutu wa mwana. Mnyamatayo anayesa kunena kuti Mtaifa ndiye wamutuma, koma kiyi anali pa chingwe cha m'khosi mwake. Mayi Malita ataitanidwa anazindikira fodya wawo asanalowe n'komwe m'chipindamo, n'kukhala pansi kulira.

Sajeni anafunsa mnyamatayo chifukwa chake anasankha munthu wosalakwa. Success anayang'ana Uthman mosachita manyazi.

"Mlendo alibe mwini, bwana. Akanamangidwa, akanabwera kudzamufunsa ndani?"

Sajeni anamasula maunyolo m'manja mwa Uthman, n'kuwamanga pa Success akadali ofunda.