Wedson Afunsira Mbeta ya M'makina

Muvi unadutsa pafupi ndi khutu la Wedson n'kukabaya chilombo chamitu iwiri chimene chinkamunyang'amira kumbuyo. Chilombocho chinagwa ngati thumba la chimanga. Wedson anamva fungo la magazi ake, anamvanso kamphepo ka muviwo pakhutu, chonsecho thupi lake linali gone chagada pa kabedi kopapatiza m'shopu ina kwa Biwi, mu Lilongwe, chaka cha 2069.

Makina ochita zimenezi ankatchedwa chilotetso. Ndi chipewa cholimba ngati cha anjinga yamoto, chokhala ndi timawaya tambirimbiri togunda khungu la m'mutu. Ukachivala umatseka maso koma sugona tulo. Makinawo amalankhula ndi bongo wako, ndiye umaona, umanunkhiza, ukapunthwa chala chimawawa ndithu. Ola limodzi kunja kuno limakhala tsiku lathunthu mkatimo.

Masewera amene Wedson ankakonda anali Chigwa cha Mikondo, dziko la zilombo, mapanga ndi mafumu ankhanza. Aliyense wolowamo ankapatsidwa mnzake woyenda naye, wotchedwa mperekezi. Mperekezi si munthu, ndi nzeru za makina zovekedwa nkhope. Koma amakumbukira zonse, amapsa mtima, amaseka, ndipo palibe aperekezi awiri ofanana. Anyamata a madigiri amene anapanga masewerawo anakonza zoti mperekezi asamalamulidwe. Iwo ankati ndiye kukoma kwake. Anthu ophunzira ndi otero, amakuvutitsa n'kumati ndi chitukuko.

Mperekezi wa Wedson anali Nazimbiri, mkazi wamtali woponya mivi, wa chipsera pachibwano.

"Ukanafa pamenepa," anatero Nazimbiri akutsitsa uta. "Kachitatu lero. Maso ako ali kuti?"

"Ali pa iwe."

"N'chifukwa chake ukufa. Tola mkondo wako tizipita."

Kunja kuno Wedson anali bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Kale ankayendetsa lole, mpaka malole anayamba kudziyendetsa okha. Tsopano ankatsuka maloboti onyamula katundu ku Kanengo, kuwapukuta m'miyendo ngati akusambitsa mwana, ndipo kapitawo wake anali mawu otuluka m'bokosi la pakhoma. Palibe ankamufunsa kuti wadzuka bwanji. Koma m'Chigwa muja anali munthu. Anayenda ndi Nazimbiri zaka zitatu. Anamufulira uchi paphompho, anamusakira nthenga za chiwombankhanga zoika kumivi, ndipo Nazimbiri atathyoka mwendo anamubereka kumsana kuchokera kuphanga mpaka kumudzi. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi, kuti mkaziyo anene kuti eya.

Tsiku lina masana, Nazimbiri akutsuka mivi pamtsinje, Wedson analimba mtima.

"Nazimbiri, ine ndikufuna ndikukwatire."

"Ndinaona kalekale. Ngakhale zilombo zikudziwa," anayankha osatembenuka. "Koma amenewa ndi mawu a patchire. Kwathu sitikwatiwa patchire ngati nkhwali. Tumiza ankhoswe kwa malume anga."

Wedson anaseka. Ankaganiza kuti angotola nkhalamba iliyonse ya m'masewera momwemo. Atavula chipewa, mayi wa pashopu anamuwerengera lamulo. Nkhoswe iyenera kukhala munthu weniweni, wachibale, ndipo chilotetso chimatsimikiza chibalecho poona chiphaso chake. Anyamata a madigiri aja anayendayenda m'midzi kujambula mawu a akuluakulu pa za mwambo wa ukwati, n'kutsanulira zonse m'makina osasiya kanthu.

Wachibale woti angapite kwa iye analipo mmodzi, malume ake a Zefaniya a ku Nathenje, mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu ndi awiri. Vuto linali lakuti a Zefaniya omwewo ndi amene anaimira ukwati wa Wedson ndi mkazi wake Esinati. Ukwatiwo sunathe. Ntchito ya lole itatha, Wedson anangouyamba wa ku tauni, n'kusiya kuimba foni. Panapita zaka zinayi. Iye ankati za kumudzi ndi za kumudzi, sizingalowe m'chipewa.

"Ndi masewera chabe, malume," anawauza. "Mukangonena kuti eya, basi mwatha."

"Ngati ndi masewera ukundivutitsiranji? Mkaziyo ali ndi kwawo?"

"Ali nako, koma n'kwa m'makina."

"Ali ndi kwawo basi. Dikira ndivale jekete."

A Zefaniya anafika pashopu atavala jekete ndi taye, atapanira tambala wamoyo m'khwapa.

"Tambala salowa, agogo," anatero mayi wa pashopu.

"Ndiye ndikaonekere chimanjamanja pakhomo pa eni?"

Anawanyengerera mpaka tambalayo anamangidwa pa mwendo wa bedi. Atawaveka chipewa, a Zefaniya anapezeka ali chiimire pa msewu wafumbi wa m'Chigwa. Anapinda bondo, anawongola, anapindanso.

"Iwe Wedson! Nyamakazi yanga yapita kuti?" Anadumpha kawiri ngati thole. Kenako chinthu chamapiko chinadutsa kumwamba, mthunzi wake n'kuphimba msewu wonse. Madala anagwira mkono wa mphwawo. "Chimenecho chimadya anthu?"

"Chimadya, koma umangodzukira pashopu."

"Ambuye atichitire chifundo. Tiye msanga."

Malume a Nazimbiri anali wosula zitsulo wa diso limodzi. Anayala mphasa pakhonde, alendo anakhala. A Zefaniya anawomba m'manja mwaulemu wonse.

"Pepani eni khomo. Tambala wathu waona msoti pakhomo pano, ndiye wasiya kudya."

"Tamva," anatero wosula zitsuloyo. "Msoti ulipodi. Koma tifunse. M'khola la tambala wanuyo muli kale thadzi, kapena ayi?"

Wedson anatsina malume ake pantchafu. A Zefaniya anamuchotsa dzanja.

"Lilimo thadzi, ndi anapiye awiri. Ukwatiwo ndinaimira ndine ndemwe."

"Malume!"

"Khala chete. Pa mphasa ya ankhoswe mkamwini salankhula."

Chitseko chinatseguka. Nazimbiri anali akumvetsera m'nyumba. Sanakuwe, sanalire. Anangoima pakhomo n'kumuyang'ana Wedson.

"Zaka zitatu. Unandiuza mpaka dzina la galu wako amene anafa uli mwana. Koma la mkazi wako ayi."

"Ameneyo ndi wa kunja, Nazimbiri. Kunja ndi kunja."

"Ine kunjako sindikudziwa. Ndikudziwa kuti pali mkazi. Abwere adzandiuze ndi pakamwa pake kuti wakumasula. Akatero ndidzakuyankha."

Atavula zipewa, Wedson anawazazira malume ake anthu akuona.

"Mwandionongera zinthu! Simukanatha kunama pang'ono?"

"Ndinamize munthu pakhomo pake?"

"Si munthu ameneyo!"

"Nanga ukumukwatiriranji?" anafunsa a Zefaniya akumasula tambala wawo.

Wedson anatha sabata ziwiri akuyesa njira zina. Anabweretsa uchi, Nazimbiri anaupatsa ana a pamudzi. Anapha chinjoka chimene chinkasowetsa anthu madzi, Nazimbiri anangoti wachita bwino, nanga mkazi uja? Pomaliza anakwera basi ya ku Nathenje.

Anamupeza Esinati m'munda wa kalabu ya alimi, ali pantchito. Ankaulutsa timbalame tachitsulo topopera mankhwala, tisanu ndi kamodzi nthawi imodzi, pogwiritsa ntchito magolovesi a mawaya. Chala chilichonse chinali ndi ntchito yake. Sanatsitse manja pomuona.

"Mwabwera kudzaona ana, bambo a Tiyese?"

"Ndiwaona. Koma pali kankhani kena."

Anafotokoza maso ali pansi. Esinati anaseka mpaka kambalame kamodzi kanatsala pang'ono kugunda mtengo wa mango.

"Zaka zonsezi ine ndimayesa munandisiyira mkazi wa m'tauni wopaka milomo. Kani ndi wa magetsi?"

"Mungopita mukanene mawu awiri okha, mayi a Tiyese. Palibe chimene mutaye."

"Ndipita. Ndikufuna ndikamuone mkazi mnzangayo."

Loweruka m'mawa anavala zipewa pashopu ija n'kulowa onse awiri. Nazimbiri anawachingamira pamlatho. Akazi awiriwo anayang'anana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anapatsana moni wa mawu okha. Asanafike kumudzi, mileme ikuluikulu ngati mbuzi inatuluka m'nkhalango, isanu ndi iwiri. Wedson anaona mwayi woonetsa chamuna pamaso pa onse awiri. Anathamanga ndi mkondo, mleme umodzi unamumenya ndi phiko, anagwera m'ngalande miyendo m'mwamba.

Esinati analibe chida chilichonse. Koma maso ake anazolowera kutsata zinthu zambiri zouluka nthawi imodzi.

"Awiri kumanzere!" anakuwa. "Musiyeni uyo, akungozungulira. Wa kumbuyo kwanuyo akutsika, pano!"

Nazimbiri ankangoponya kumene wauzidwa. Mivi isanu ndi iwiri, mileme isanu ndi iwiri pansi. Anatsitsa uta n'kumuyang'ana Esinati nthawi yaitali.

"Munamenyapo nkhondo kuti, mayi?"

"M'munda wa soya."

Anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Nazimbiri anamupatsa Wedson chipanda kuti akatunge madzi kumtsinje. Pobwerera anawamva akuseka ali patali, kuseka kwenikweni kowomberana m'manja. Atafika anasiya.

"Chabwino, ndinene zimene ndabwerera," anatero Esinati. "Bambo awa ndawamasula. Kunena zoona anadzimasula okha kalekale, ine ndimangosunga chingwe. Atengeni. Si munthu woipa. Zinthu zikamayenda amaseketsa, amakubereka kumsana. Koma tsiku limene adzachite manyazi sadzakuuzani. Mudzangoona kuti kulibe."

"Ndi zoona?" anafunsa Nazimbiri.

"Ntchito inatha," anatero Wedson. "Makina anandilanda lole. Ndikanabwerera kumudzi ndi chiyani?"

"Ndi miyendo," anatero Esinati. "Tiyese ankakhala pamsewu Lamlungu lililonse kuyang'ana mabasi. Sankadikira lole."

Wedson anatembenukira kwa Nazimbiri.

"Mawu aja wawamva. Wandimasula. Ndiyankhe tsopano."

"Yankho ndi ayi."

"Zaka zitatu, Nazimbiri! Ndinakubereka pamsana panga!"

"Unandibereka, sindidzaiwala. Koma unaima pakhomo pa malume anga n'kunena kuti kunja ndi kunja. Tsiku lina udzaima kunjako n'kunena kuti mkati ndi mkati. Ine ndidzakhala pamlatho ndikuyang'ana msewu."

Anatola uta wake n'kuima. Wedson ankaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, kuti mawa adzayambanso kuyenda limodzi ngati kale, iye n'kumanyengerera pang'onopang'ono. Koma Nazimbiri analankhula ndi Esinati.

"Ndili ndi ulendo wa kumapiri a kumpoto. Kumeneko zouluka n'zambiri. Ndikufuna munthu wa maso."

"Ine ndili ndi ntchito ndi ana, amwali. Ndingapeze Loweruka lokha."

"Ndizidikira Loweruka."

Lolemba Wedson anavala chipewa, pamlatho panalibe munthu. Anakafunsa kwa wosula zitsulo uja, anamuuza kuti mwana wathu akuyenda ndi wina tsopano. Anakadandaula ku kampani ya masewerawo. Anamuyankha ndi makina, mwaulemu kwambiri, kuti mperekezi amasankha yekha woyenda naye, kuti zoterezi zinali zisanachitikepo, ndipo akuthokoza chifukwa aphunzirapo kanthu. Anamupatsa mperekezi wina, bambo wonenepa wonyamula miphika amene ankaimba mluzu njira yonse.

Mwezi womwewo a Zefaniya anavalanso jekete, n'kukakhala pa mphasa ndi ankhoswe a kwa Esinati, ukwati n'kutha mwamwambo. Wedson anawaona ana ake tsiku limenelo. Tiyese anamupatsa moni wogwada, ngati wa mlendo wolemekezeka.

Esinati sanaphonye Loweruka. Ankatsika basi kwa Biwi, n'kulowa m'shopu yomwe ija chifukwa ndi imene ankaidziwa. Nthawi zina mabedi ena akadzaza, mayi wa pashopu ankawagoneka moyandikana, Wedson uku, Esinati uku, aliyense ndi chipewa chake. Wedson akadzuka msanga ankamuona akumwetulira maso ali chitsekere, zala zikugwedera pang'ono, ndipo ankadziwa amene ali naye.

Tsiku lina anadzukira limodzi. Wedson analephera kupirira.

"Nazimbiri amandifunsa?"

Esinati anamanga mpango wake, anatola chikwama.

"Anafunsa kamodzi. Anati kodi mwayamba kuyang'ana kumbuyo pomenya nkhondo." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Tiyese akulemba mayeso mwezi wamawa. Sukulu yake mukuidziwa. Basi yake ndi yomweyi."

Wedson anakhala pa kabedi kaja chipewa chili m'manja, mpaka mayi wa pashopu anamuuza kuti apereke malo kwa ena.

Anyamata a madigiri aja anakanika kutipangira ntchito, koma makina odziwa mwamuna woyenera kumukana anawakhoza ndithu.