Jakisoni wa Bedi la Pawindo

Nyumba ya atelala inayang'anana ndi yathu, ndipo inali nyumba yoti ukalowamo umachita manyazi ndi fumbi la kumapazi kwako. Bambo ankasoka pakhonde, mayi ankasita zovala za makasitomala, ndipo palibe malaya ankachoka pakhomopo batani likulendewera. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anamulera ndi pemphero komanso singano mpaka anamaliza sukulu ya unamwino.

Anamulemba ntchito mu wodi ya amayi pachipatala chachikulu. Anali wa manja opepuka, jakisoni wake sunkamumva n'komwe, ndipo anzake anamutcha Changu.

Mu wodimo munali namwino wina wakale, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene onse ankangoti Anti Zikhadabo. Tsiku lina anamuyang'ana Changu akupita ku kabati ya mankhwala n'kubwerera, kupitanso n'kubwerera.

"Iwe mwana, miyendo imeneyo ndi yobwereka? Wodwala aliyense kumufunsa dzina, ngati ukumufunsira ukwati. Taona kuno."

Anapopa majakisoni a wodi yonse nthawi imodzi n'kuwandandalika pa thireyi.

"Woyamba ndi wa bedi la pakhomo, womaliza ndi wa pawindo. Umangotsata mzere."

"Osalembapo mayina, anti?"

"Uwalembere ndani? Bedi silisamuka."

Changu anayesa, ndipo ntchito ya m'mawa wonse inatha tiyi asanazizire. Nthawi yotsalayo inapeza mwini wake. Anali dalaivala wa ambulansi, bambo wapabanja, amene masana ankaimika galimoto kuseri kwa nyumba yochapira.

Sisitala wamkulu anaipeza thireyi ija tsiku lina. Anatola jakisoni mmodzi.

"Uyu ndi wa ndani?"

Changu anawerenga ndi chala. "Wa bedi lapakati."

"Bedi silidwala, mwana iwe. Amadwala ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi dzina."

Anataya majakisoni onse mu bini n'kumuuza ayambirenso. Changu anapepesa mpaka misozi. Mawa lake thireyi anaifundika ndi thaulo.

Kunyumba nako anaona. Mayi ake, pochapa, ananunkhiza yunifolomu.

"Chovala cha namwino chizinunkha dizilo?"

"Amayi, inu sitani zovala. Zakuchipatala tisiyireni ife tinaphunzira."

Bambo ake anaimitsa makina. "Mwanawe, ine ndikalakwitsa ndimaphwasula n'kusokanso. Iwe ukalakwitsa, munthuyo umusokanso?"

Changu anatseka chitseko cha kuchipinda kwake ndi phazi.

Pa bedi la pawindo pankagona mayi wina wonenepa, wa matenda a shuga, amene ankalandira jakisoni wotsitsa shugayo asanadye. M'mawa wina anadandaula kuti mphepo ikumulowa m'mafupa, ndipo anamwino a m'mawa anamusinthanitsa ndi mayi wachitsikana amene anali atangochitidwa opaleshoni ya m'mimba. Uyu anali asanalawe kanthu kuyambira dzulo lake. Apongozi ake anakhala pambali, atanyamula khanda loyamwa la mayiyo.

Changu anafika mochedwa. Pamene anzake ankauzana za odwala posinthana ntchito, iye kunalibe, ndipo sanafunse. Sisitala wamkulu anali kumsonkhano. Foni inkangonjenjemera m'thumba, dalaivala akudikira. Anapopa majakisoni ake, kuwandandalika, n'kuyamba kutsata mzere.

Atafika pawindo, wodwalayo anali atayang'ana kukhoma, bulangete mpaka m'makutu.

"Pepani anamwino," anatero apongozi aja, "adokotala anati uyu..."

"Namwino ndi inu kapena ine? Sunthani, agogo."

Anavundukula bulangete cha kumiyendo, kubaya pantchafu, n'kufundikanso. Nkhope sanaione.

Akutuluka, mayi wa shuga uja anamuitana ali pa bedi lake latsopano. "Anamwino, wanga uja wa masiku onse lero mulibe? Uyu wandiwawa mwachilendo."

"Ndakubayani kale. Mukufuna awiri?"

Anasiya thireyi pa tebulo n'kulowera kuseri kwa nyumba yochapira.

Pasanapite nthawi mayi wachitsikana uja anayamba thukuta, pilo mpaka kunyowa. Manja ankanjenjemera, akuyankhula zosamveka. Apongozi anathamangira ku tebulo la anamwino, n'kupeza Anti Zikhadabo akumwa tiyi.

"Mbali imeneyo si yanga, mayi. Ndi tulo ta opaleshoni timeneto. Musamudzutse."

Gogoyo anabwerera. Mpongozi wake atasiya kunjenjemera n'kukhala phee, anamupukuta nkhope, kumufundika bwino, n'kuthokoza Mulungu kuti wapeza tulo. Anadziwa zoona pamene khanda linalira njala, iye n'kuliika pabere la mayi ake. Berelo linali lozizira.

Changu anabwera tsitsi lili nyankhalala, n'kupeza dokotala akukanikiza pachifuwa cha mtembo, amayi a mu wodi atatembenukira kukhoma. Dokotalayo anali atayeza magazi: shuga yense anali atatha m'thupi. Sisitala wamkulu anali atanyamula thireyi ija.

"Unamufunsa dzina?"

Sisitala anasendera pafupi naye.

"Unamuyang'ana nkhope?"

Mayi wa shuga ndiye anayankha ali pa bedi. "Anayang'ana windo, sisitala."

Pa kafukufuku wa akuluakulu a chipatala, Anti Zikhadabo anapukusa mutu. "Ine ndinkamulangiza ngati mwana wanga. Koma ana a masiku ano, makutu ndi zokongoletsa." Dalaivala anati mtsikanayo amangomudziwa nkhope. Changu anamulanda chilolezo cha unamwino, ndipo apolisi anamulola kudikira mlandu ali kwa makolo ake.

Maliro atatha, mwamuna wa malemuyo anabwera pakhonde la atelala atanyamula khanda. Linali litaonda, khosi ngati la mwanapiye, likukana botolo. Analigoneka pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Mwana wanu ali m'nyumbamu? Muuzeni asatseke makutu. Ine ndimamva zimenezi tsiku lonse."

Atelala anagwada. Mayi anatambasula manja kuti alinyamule.

"Musaligwire. Manja a pakhomo pano ndawadziwa."

Anaima pomwepo, khanda likulira mpaka mawu kusasa, msewu wonse uli pamipanda. Changu sanatuluke. Bamboyo anatola mwana wake n'kumapita.

Khoti linamutumiza Changu kundende. Makasitomala anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zosasoka, ndipo chaka chisanathe atelala anasamuka osatsanzika munthu.

Inu ana amene mukufuna kuvala zoyera, mverani. Ulesi wa m'chipatala sulira ngati mfuti, koma umapha chimodzimodzi. Funsani dzina, yang'anani nkhope, ndipo wodikirira wodwala akatsegula pakamwa, mumvereni mpaka amalize. Njira yachidule imene mnzako akukuphunzitsa, tsiku la mlandu udzaiyenda wekha.