Fomu Yomwe Sinatumizidwe

Mzime analowa m'kashopu kosindikiza makalata atakumbatira envelopu pachifuwa. M'menemo munali satifiketi yake, kalata yomuitana ku koleji ya unamwino, ndi chikalata cha imfa ya bambo ake. Koleji inali itamutenga, inde, koma fizi akanaitenga kuti? Mayi ake ankasoka zovala pakhonde, ndipo makina awo ankadwala sabata iliyonse. Chiyembekezo chinali chimodzi basi: thandizo la boma la ophunzira, lofunsira pa intaneti.

Kuseri kwa kompyuta kunali mnyamata amene aliyense ankamutcha Zala, chifukwa ankataipa osayang'ana pansi.

"Asisi, maso ofiira chonchi, wakumenyani ndani?"

"Intaneti," anayankha Mzime. "Ndayesa katatu pa foni yanga, ikungozungulira."

Zala anaseka, n'kumukokera mpando. Anadzaza fomu mwamsanga, akumuseketsa, mpaka anafika pofuna nambala ya foni.

"Apa m'pamene azitumiza manambala achinsinsi olowera mu fomu. Koma foni yanuyi ndi yokomokakomoka. Tiike nambala yanga, uthenga ukabwera ndizikuuzani pompo."

Mzime anavomera. Mungamunene? Munthu akakuseketsa tsiku limene wakhala ukulira, sumufunsa mafunso ambiri. Kunatsala kalata imodzi ya ku sukulu yake yakale, ndipo ataibweretsa m'mawa mwake, Zala anati, "Zatheka, siyira ine." Dzulo lake anali "asisi", lero anali "iwe", ndipo Mzime sanadandaule.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Nesi wanga, wadzuka bwanji? Ukadzavala yoyera ija, wodwala woyamba ndine. Mtima wayamba kale kuvuta."

"Duwa langa, fomu yako ndi fomu yanga. Ndikakugwiritsa mwala, zala izi ziume!"

Mzime anamukonda, osati zamasewera. Madzulo Zala ankamuperekeza pa siteji ya basi, n'kumasiya mabasi awiri atatu adutse dala.

Koma patatha masabata atatu, anzake anayamba kuonetsana mauthenga otsimikiza kuti mafomu awo alandiridwa. Mzime analibe choonetsa.

"Wanga wabwera?" anafunsa.

"Fomu inapita kalekale, wokondedwa. Boma silithamanga."

"Tandionetsa."

"Ndafufuta mwangozi. Kodi sundikhulupirira?"

Tsiku lotseka linali Lachisanu, folo koloko. Lachinayi foni ya Zala inangolira osayankhidwa. Mzime anaimba kasanu, chakudya chikuzizira m'mbale. Mayi ake anaimitsa makina, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana iwe, tsogolo lako likhale m'thumba la munthu wina? Mawa upite ukaone ndi maso ako."

Lachisanu m'mawa uthenga unabwera: "Pepa nesi wanga, ndinatanganidwa. Ndidikire kunyumba, ndibwera ndi umboni." Anadikira. Teni koloko inakwana, kenako wani. Itadutsa thuu, miyendo inanyamuka yokha.

M'shopu munali amayi eni shopuyo okha, akudula mapepala. Zala anali atatuluka m'mawa.

"Mayi, chonde, tandionereni fomu yanga," anatero Mzime.

Amayiwo anataipa nambala ya chiphaso chake ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Kenako anakwinya nkhope.

"Mwanawe, fomu yako ili pakati, sinatumizidwe. Ndipo pa nambala ya foni palibe kanthu."

"Sizoona! Anaika nambala yake ine ndikuona!"

"Nambala imodzi imagwira munthu mmodzi. Ngati anaichotsa, ndiye anaiika kwina."

Anatsegula momwe Zala ankasunga mafomu a makasitomala, n'kusaka nambalayo. Inatuluka fomu ina, yotumizidwa bwinobwino. Pakona panali chithunzi cha mtsikana womwetulira. Pa banja: wokwatiwa. Ana: mmodzi. Pa mzere wa mwamuna panali dzina lenileni la Zala, lomwe Mzime ankaliyesa mumtima pambali pa lake.

"Awa ndi akazi ake," anatero amayiwo motsitsa mawu. "Sumadziwa?"

Mzime anafuna kulira, koma wotchi ya pakhoma inkati patsala mphindi makumi anayi, ndipo misozi inayenera kudikira.

"Ikani nambala yanga, mayi."

Foni ya Mzime inali itazima. Anailumikiza ku magetsi, n'kuigwira ndi manja awiri. Inayaka. Uthenga wa manambala osabwera! Anapemphanso. Bwanji ngati ubwera nthawi itatha? Akawauza chiyani mayi ake? Utabwera, zala zake zinalakwitsa kawiri. Kalata ya ku sukulu ija inali isanakwezedwe n'komwe, ndipo anaifunafuna m'dirowa ya Zala mpaka anaipeza pansi pa mapepala otayidwa. Kompyuta inazungulira, n'kuzungulira. Amayi aja anasiya lumo, akupemphera chamumtima.

Patatsala mphindi zisanu ndi chimodzi, foni inalira: "Fomu yanu yalandiridwa."

Mzime anatsamira pampando. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Zala n'kulowa. Ataona chithunzi cha mkazi wake pa kompyuta, anaima njii.

"Nesi wanga, ndifotokoze..."

"Munandichotsa liti?"

"Sabata yoyamba ija," anayankha akuyang'ana pansi. "Iye anakakamira kuti ndiike nambala yanga. Ndikanakana, akanafunsa chifukwa."

"Nanga bwanji osaika yanga?"

"Uthenga ukanabwera kwa iwe. Ukanadziwa kuti ndasintha, ukanayamba kufunsa. Ndimaopa kukutaya, duwa langa, ndikulumbira!"

Chomwe chinamupweteka Mzime kwambiri n'chakuti nkhope ija ankaikondabe.

"Ndiye munaona kuti bola ndisaphunzire kusiyana n'kuti ndidziwe?"



Mzime anathokoza amayi aja, n'kutola mapepala ake limodzilimodzi. Anadutsa pambali pa Zala osamukhudza. Atafika panja anaimbira mayi ake.

"Amayi, yapita."

"Zikomo Ambuye! Nanga ukuliriranji, mwana wanga?"

"Ndikufotokozerani ndikafika," anatero, misozi ikutsikira m'khosi.