Mphini za Goloboyi Shadrick

Shadrick anakulira m'banja lopemphera, m'kanyumba ka kuseri kwa bwana wina ku Area 3, komwe bambo ake, a Kenani, ankasamalira maluwa. Mnyamatayu Mulungu anamupatsa manja. Mpira unkamukakamira ngati wapakidwa ulimbo, ndipo timu ina yaikulu ya mumzindawu inamutenga kukhala goloboyi.

Koma kutamandidwa kunamulowa m'mutu. Thireningi anayamba kuiona ngati ya anthu opanda luso. Anzake akuthamanga, iye ali yakaliyakali mu Msika wa Tsoka kusankha majekete. Posakhalitsa zigoli zinayamba kumudutsa zochititsa manyazi.

Ndipamene anabwera Frazer, sapota amene ankayendetsa zamankhwala za timuyo.

"Aise, vuto si thireningi. Anthu akukulodza. Tiye kwa madala ena akakuteme mphini m'manjamo, mpira uzikutsata wokha."

Anapita. Sing'anga anamutema ndi lumo ladzimbiri, napaka mankhwala akuda bii. Anamulamula kuti asasambe m'manja kapena kuponda kuchipatala mpaka masewero a chikho atatha, apo ayi mankhwala asuluka.

Mayi ake, a Evelina, ataona dzanja lamanja litatupa, anagwira pakamwa.

"Mwanawe, dzanja ili layamba kununkha. Tiye kuchipatala."

"Mayi, za mpira simuzidziwa inu. Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito."

"Manjawa anakupatsa ndi Mulungu, osati sing'anga," anatero a Kenani.

"Ndiye Mulunguyo adzaime yekha pagolo Loweruka! Ine palibe wondiuza zochita."

Mwano wake unafika pamenepo, ndipo kunena zoona unkanyansa.

Loweruka anakankhira dzanjalo m'golovesi akukukuta mano. Mpira woyamba wamphamvu unamumenya pachikhatho penipeni. Anakuwa, nagwa, mpirawo n'kugubudukira muukonde. Golovesiyo anachita kuing'amba ndi sizasi kuti amuvule.

Kuchipatala dokotala sanazungulire. "Mwachedwa, achimwene. Zala zitatu zaola, tidula."

"Simudula! Ndine goloboyi ine!"

"Ndiye sabata yamawa tidula mkono wonse."

Zalazo zinadulidwa. Frazer sanabwere n'komwe kudzamuzonda, anali kalikiliki ndi goloboyi watsopano. Amene ankamumwetsa phala kuchipatalako ndi makolo omwe anawanyoza aja.

Lero Shadrick ndi kochi wa timu ya achinyamata pabwalo lafumbi ku Area 13. Amaphunzitsa bwino, ndipo wochedwa ku thireningi samusekerera. Koma akafuna kuonetsa kagwiridwe ka mpira wam'mwamba, amaitana munthu wina kuti awakhe, iye n'kuyang'ana kumbali. Zimamuwawa mumtima mpaka pano.

Wachinyamata iwe, luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo limakula ndi thukuta. Ukalipereka kwa sing'anga chifukwa cha ulesi, sadzakubwezera lonse.