Sitima Yopanda Njanji

Alefa ankakhala ku Chinyonga. Ankakhala ndi amayi ake ndi bambo ake. Ankakhalanso ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Prince.

Alefa sankalankhula zambiri. Ankakonda kuyang'ana.

Alefa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera sitima.

Akapita ku Limbe ndi amayi ake, ankayang'ana ku siteshoni. Ankaona njanji. Ankaona mabogi atandandalika. Sitima ikalira kuti, "Puuu!" Alefa ankaima. Amayi ankachita kumukoka dzanja.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera kuntchito akumwetulira.

"Ana inu, tamverani," anatero. "Tchuthi chino tikwera sitima. Tipita ku Likoma."

"Sitima! Sitima!" Prince anakuwa. Anazungulira tebulo akudumpha.

Alefa sanakuwe. Anangogwira dzanja la bambo ake. Analigwira mwamphamvu.

Kodi Likoma ndi kuti? Alefa sankadziwa. Anaganiza kuti ndi kumene njanji imathera.

"Tonsefe ndi koyamba," amayi anatero. "Tifunse munthu amene anakwerapo. Loweruka tipita kwa anti Faida."

Anti Faida anali mnzawo wa amayi. Ankagulitsa zovala za kaunjika mumsika wa Limbe. Kwawo kunali ku Nkhotakota. Sitima anaikwera kambirimbiri.

Loweruka linafika. Amayi, Alefa ndi Prince anakwera minibasi. Anatsika ku Limbe. Kunali anthu ambiri. Kunali phokoso. Alefa anagwira chitenje cha amayi.

"Amake Alefa!" anti Faida anaitana. "Mwasowatu! Ndimayesa munasamuka."

"Tilipo, achemwali," amayi anaseka. "Tabwera kudzafunsa nzeru. Tikufuna kukwera sitima. Titenge chiyani?"

Anti Faida anawomba m'manja. "Eee, mwafika pakhomo penipeni! Choyamba, majuzi. Pamwamba pa sitima pamawomba mphepo."

Alefa anadabwa. Pamwamba pa sitima? Kodi anthu amakhala padenga? Koma sanafunse.

Anti Faida anavundukula mulu wa zovala. Anatulutsa juzi yofiira. Anamuveka Prince. Juziyo inafika m'maondo. Manja a Prince anasowa.

"Manja anga apita!" Prince anatero.

"Abwera ukakula, bwana," anti Faida anatero. Onse anaseka.

Kenako anti Faida anatenga chipewa. Chinali ndi chingwe chomanga pachibwano. Anamuveka Alefa.

"Chopanda chingwe chimauluka," anatero. "Chikagwa, basi chapita. Simungachitolenso."

Alefa anadabwa. Bwanji osatseka windo? Koma sanafunse.

"Mugulenso jinja," anti Faida anatero. "Sitima ikamagwedezeka, ena amachita nseru. Muzitafuna pang'ono. Muziyang'ana patali, osati pansi."

"Nanga zovala?" amayi anafunsa.

"Muziike m'majumbo apulasitiki. Mumange bwino. Kenako muike m'chikwama. Zisanyowe."

Alefa anadabwa kwambiri. Zisanyowe? Kodi denga la sitima limadontha? Koma sanafunse.

"Aa, ndikanaiwala!" anti Faida anatero. "Nsapato za pulasitiki. Potsika mumalowa m'boti laling'ono. Kenako mumaponda m'madzi."

Apa Alefa analephera kupirira.

"Anti," anatero ndi mawu apansi. "Kodi pa siteshoni pali madzi?"

"Pa siteshoni iti, mwanawe?"

Alefa analoza ndi chala. Analoza kumene kuli njanji.

Anti Faida anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana anti Faida.

"Mayo ine!" amayi anagwira pakamwa. "Sitinamuuze bwino. Alefa, si sitima ya njanji. Ndi sitima ya pamadzi. Likoma ndi chilumba. Chili pakati pa nyanja."

Pakati pa nyanja! Alefa anatsitsa chala chake. Iye sankatha kusambira.

"Ndi yaikulu, mwanawe," anti Faida anatero. "Muli zipinda. Muli pogona. Muli podyera. Mumagona momwemo, ikuyenda."

"Anaipanga ndi chiyani?" Alefa anafunsa.

"Ndi chitsulo. Chitsulo cholimba!"

Alefa anagwiranso chitenje cha amayi.

Anti Faida anapitiriza kulangiza amayi. Anati afike ku Monkey Bay msanga, chifukwa sitimayo amakwerera kumeneko. Anati mphepo ya mwera ikakula, sitima imachedwa. Anati atenge kamba ndi madzi akumwa. Amayi ankagwedeza mutu.

Alefa sankamva. Ankangomva mawu amodzi. Chitsulo. Chitsulo.

Atafika kunyumba anadya. Alefa anatenga mbale kukatsuka kuseri. Anathira madzi m'beseni lalikulu.

Anatenga supuni. Supuni ndi chitsulo. Anaiika pamadzi pang'onopang'ono.

Supuni inamira.

Anatenga foloko. Anaiika pamadzi.

Foloko inamira.

Anatola msomali pansi. Unali waung'ono. Unali wopepuka. Anauika pamadzi.

Msomali unamira.

Alefa anayang'ana pansi pa beseni. Supuni, foloko, msomali. Zonse zinali phee.

Madzulo amayi anatulutsa zikwama. Anaika chikwama cha bambo pakhomo. Anaika chawo. Anaika cha Prince.

"Alefa, bweretsa chako," amayi anatero.

Alefa sanasunthe.

"Ababa," anatero. "Ine sindipita."

Bambo anaika kapu yawo pansi. "Chifukwa chiyani, mwanangu? Si iwe umafuna sitima?"

"Ndimafuna ya njanji."

"Ya pamadzi ndi yokomanso."

Alefa anapukusa mutu. Misozi inalengeza m'maso.

Bambo sanakalipe. Anamusisita pamutu.

"Sitikukakamiza," anatero. "Ukafuna kutsala, utsala kwa azakhali ako ku Nyambadwe. Koma ulendo wopanda iwe sukoma."

"Alefa, tiye!" Prince anatero. "Ndikugwira dzanja."

Alefa analowa kuchipinda. Anakankhira chikwama chake pansi pa bedi.

Sankafuna kutsala. Ankafuna kupita ndi amayi. Ankafuna kupita ndi bambo. Ankafuna kupita ndi Prince. Koma chitsulo chimamira. Iye anaona ndi maso ake.

Lamulungu onse anabwera kuchokera kutchalitchi. Anadya. Alefa anatenganso mbale kukatsuka.

Anatsuka makapu. Anatsuka mbale. Kenako ananyamula poto wamkulu wa amayi. Potoyo anali wolemera. Manja a Alefa anali ndi sopo.

Poto anapulumuka. Anagwera m'beseni. Phava!

Alefa anapukuta madzi kumaso. Anayang'ana.

Poto sanamire.

Poto anali pamwamba pa madzi. Ankazungulira pang'onopang'ono.

Alefa anamugogoda ndi chala. Ngo! Ngo! Chinali chitsulo ndithu.

Anamukankhira pansi pang'ono. Poto anabwerera pamwamba. Anamukankhiranso. Anabwereranso.

Alefa anatenga supuni ija. Anaiika m'kati mwa poto.

Supuni sinamire. Poto sanamire.

Anaika foloko. Anaika kapu. Anathamangira kukhitchini. Anatenga tomato, anyezi ndi mbatata. Anaziika zonse m'poto.

Poto anatsika pang'ono. Koma sanamire.

Alefa anavundula madzi ndi dzanja. Anapanga mafunde. Poto anapendama uku. Anapendama uko. Tomato anagubudukira kwa anyezi. Koma poto sanamire.

"Amayi!" Alefa anakuwa. "Ababa! Bwerani!"

Alefa sankakuwa kawirikawiri. Amayi anatuluka akuthamanga. Bambo anatuluka ndi nsapato imodzi. Prince anatuluka m'juzi yake yofiira.

"Wavulala?" amayi anafunsa.

"Ayi. Taonani! Chitsulo chikuyandama!"

Amayi anayang'ana m'beseni. "Tomato wangayo akutani m'menemo?"

"Akupita ku Likoma," Alefa anatero.

Bambo anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Kenako anasiya kuseka. Anayang'ana Alefa.

"Kodi ndi zimenezi umaopa, mwanangu?"

"Eee. Supuni inamira. Msomali unamira. Ndimayesa sitimanso imira."

"Nanga poto sakumira bwanji?" bambo anafunsa.

Alefa anaganiza. Anayang'ana supuni. Anayang'ana poto.

"Poto ndi wotakasuka," anatero. "Ali ndi m'kati. M'katimo mulibe madzi."

"Sitimanso ili choncho," bambo anatero. "Ndi yotakasuka. Ili ndi m'kati mwamukulu."

Alefa anali ndi funso lina. Tsopano sanalisunge.

"Nanga madzi akalowa?"

"Wafunsa bwino," amayi anatero. "Musitima muli majekete oyandamitsa munthu. Aliponso a ana. Tikangokwera, tipempha kuti atisonyeze pamene amakhala. Mulinso maboti ang'onoang'ono."

"Mwadziwa bwanji, Amayi?"

Amayi anayang'ana bambo. Anamwetulira.

"Bambo akowa anaimba foni ku ofesi ya sitima. Anafunsa za majekete. Mawa lake anaimbanso. Anafunsa zomwezo."

"Amake Alefa, mwayamba kuulula," bambo anatero, akukanda mutu.

Alefa anatong'ola maso. "Ababa, inunso mumaopa?"

"Pang'ono," bambo anatero. "Inenso sinditha kusambira. N'chifukwa chake ndinafunsa. Nditafunsa, mtima unakhala pansi."

Alefa anapuma mpweya wautali.

"Tizikhala limodzi?" anafunsa.

"Limodzi. Sitisiyana. Sitithamanga musitima. Sitikwera pazitsulo za m'mphepete."

"Wamva, Prince?" amayi anatero.

Prince sanamve. Anali atakweza kale mwendo umodzi.

"Inenso ndikwera!" anakuwa. Anaponda m'poto.

Khuvuu!

Poto anapendama. Madzi anakhavukira bambo. Tomato anathawa. Anyezi anathawa. Mbatata inagubudukira pansi pa khonde. Prince anakhala m'beseni, juzi yonse itanyowa.

"Sitima yamira!" Prince analira.

"Siinamire yokha," Alefa anatero. "Waimiza ndiwe, ndi chimwendo chakocho!"

Anamugwira manja. Anamutulutsa m'beseni. Amayi anamuvula juzi ndi kuifinya. Bambo anafinya malaya awo. Onse ankaseka. Prince nayenso anayamba kuseka.

Alefa anatola tomato. Anatola anyezi. Anamaliza kutsuka poto. Anamuika pathandala.

Kenako analowa kuchipinda. Anagwada pansi. Anakoka chikwama chake pansi pa bedi. Anachipukuta fumbi.

Anachikoka mpaka pakhomo. Panali chikwama cha bambo. Panali cha amayi. Panali cha Prince.

Alefa anaika chake pakati.

"Ababa," anatero. "Mukachita mantha musitima, mundiuze. Ndikugwirani dzanja."

"Zikomo, mwanangu," bambo anatero. "Tiyambe kuyeserera pano."

Ndipo anamupatsa dzanja lawo lonyowa.